RadCalNet: sikelo yodalirika yoyezera kuwala pa makamera a setilaiti, koma siyeza zonse

Kamera ikangokwera roketi, palibenso munthu amene angaigwire ndi manja. Isananyamuke imayezedwa mu labotale mosamala kwambiri, koma ulendo wokhawo umaigwedeza, kutentha ndi kuzizira zimasinthana kambirimbiri pa tsiku, timpweya totuluka m'zomatira ndi mu penti timadzakhazikika pa magalasi, ndipo cheza cha dzuwa chimadetsa pang'onopang'ono ziwalo zomwe poyamba zinali zoyera mbee. Mapeto ake nambala imene kamera imalemba pa pikiselo, kadontho kamodzi ka chithunzi, imayamba kusiyana ndi kuwala kumene kwalowadi. M'maso chithunzi chimaonekabe chokongola, koma kwa munthu amene akuwerengera thanzi la mbewu, kuda kwa madzi kapena kutha kwa nkhalango, kamera yotere ili ngati sikelo yobera.

RadCalNet inakhazikitsidwa kuti izithandiza pa vuto limeneli. Ndi ntchito ya CEOS, komiti imene imasonkhanitsa mabungwe a zamumlengalenga oona za masetilaiti ojambula dziko, ndipo inatsegulidwa kwa aliyense mu 2018. Pa malo angapo osankhidwa bwino pali zipangizo zogwira ntchito zokha, zimene tsiku ndi tsiku zimayeza kuwala kobwerera kuchokera pa nthaka komanso mmene mpweya ulili. Miyezoyo imalowetsedwa mu MODTRAN, pulogalamu yowerengera mmene kuwala kumadutsira mumpweya, ku NASA, bungwe la zamumlengalenga la America, ndipo chimene chimatuluka ndi reflectance ya pamwamba pa mpweya wonse, kutanthauza gawo la kuwala kwa dzuwa limene kamera yoyang'ana pansi molunjika iyenera kuona pa malopo, pa nthawiyo. Inu mumangotenga nambalayo n'kuiyerekeza ndi imene kamera yanu yalemba. Palibe malipiro. Mumalembetsa pa webusaiti yawo, n'kuyamba kutsitsa mafayilo.

Pa funso lakuti kamera ikuwerenga kuwala molondola kapena ayi, RadCalNet ndi chinthu chabwino kwambiri chimene munthu wopanda gulu lake lopita kuchipululu angapeze. Koma imayankha funso limodzi lokhalo, ndipo ngakhale pamenepo imakusiyirani ntchito yambiri m'manja. Ambiri amene amapeza zotsatira zachilendo amakhala atalakwitsa pa ntchito yotsalayi.

Malo oyambirira ndi anayi, ndipo safanana ngakhale pang'ono. Railroad Valley ku Nevada, m'dziko la America, ndi dambo louma la dothi loyererako limene limayang'aniridwa ndi University of Arizona. Kumeneko kuli zoyezera kuwala zingapo zoyang'ana pansi zomwazikana pa malowo, ndipo nambala yoperekedwa imaimira dera la kilomita imodzi mbali zonse. La Crau, kum'mwera kwa France, ndi chigwa cha timiyala ndi udzu wapatalipatali, ndipo ndi ya CNES, bungwe la zamumlengalenga la France. Gobabeb ili m'chipululu cha Namib ku Namibia, pa chigwa cha timiyala, ndipo amaiyendetsa mogwirizana a ESA (bungwe la zamumlengalenga la ku Ulaya), a CNES ndi a NPL (labotale ya za miyezo ya ku Britain). Pa malo awiriwa pali chipangizo cha Cimel chokhala pamwamba pa mlongoti wa mamita 10, chimene chimatembenuka kuyeza dzuwa, thambo ndi nthaka, ndipo nambala yake imaimira bwalo la mamita 30 kuchokera pakati. Baotou, ku Inner Mongolia m'dziko la China, ili pansi pa Chinese Academy of Sciences, ndipo malo ake oyamba ndi bwalo la timiyala totuwa loyalidwa ndi anthu, losakwana mamita 50 mbali iliyonse. Pambuyo pake pawonjezeredwa malo ena, koma anayiwa ndi amene ali ndi mbiri yaitali.

Kukula kwa malo ndiko kumasankha kuti kamera yanu ingagwiritse ntchito ati. Pa Railroad Valley, Landsat, setilaiti ya ku America ya mapikiselo a mamita 30, imapeza mapikiselo pafupifupi 1,100, ndipo Sentinel-2 ya ku Ulaya imapeza 10,000 pa mabandi a mamita 10 (bandi ndi chigawo cha mafunde a kuwala chimene kamera imajambula pachokha). Pa bwalo la Gobabeb kapena La Crau, Sentinel-2 imapeza mapikiselo pafupifupi 28, pamene Landsat imangopeza atatu kapena anayi. Ku Gobabeb nthaka yozungulira ndi yofananako, choncho mutha kukulitsa dera pang'ono, bola muyambe mwaona pa chithunzi chakuthwa kuti avereji sikusintha. Ku Baotou zimenezi n'zosatheka, chifukwa kunja kwa bwalo lotuwa kuli mabwalo oyera ndi akuda komanso nthaka yamtundu wina. Mapikiselo a m'mphepete amamwa kuwala kwa anzawo oyandikana nawo, ndiye kamera ya mamita 10 imatsala ndi mapikiselo anayi kapena asanu ndi anayi okha apakati amene mungawakhulupirire. Kamera ya mapikiselo aakulu kuposa pamenepo isayerekeze n'komwe.

Fayilo ya tsiku limodzi ndi yosavuta kuwerenga, ndipo pamenepa ayenera kuyamikiridwa. Ndi mawu ndi manambala wamba amene amatseguka mu pulogalamu iliyonse. Muli mizati 13, umodzi pa mphindi 30 zilizonse kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana pa nthawi ya kumaloko. Pamwamba pali tsiku, nthawi, kulemera kwa mpweya, kutentha, nthunzi, ozoni ndi kuchuluka kwa fumbi ndi utsi mumpweya. M'munsi muli reflectance motsatira kutalika kwa funde la kuwala, pa manano mita 10 aliwonse (nano mita ndi gawo limodzi mwa magawo biliyoni a mita), kuyambira pa 400 mpaka 2500, ngakhale kuti malo ena amalekera pa 1000. Kenako zonsezo zimabwerezedwa kachiwiri, koma ulendo uno ndi malire a chikayiko a nambala iliyonse. Gawo lachiwirili ndilo mtima wa ntchito yonseyi. Malo aliwonse asanalowe m'gululi amayenera kusonyeza mmene miyezo yawo imalumikizirana ndi miyezo ya dziko lonse ya SI, ndipo anzawo amaunika mmene awerengera chikayikocho. Mafayilo alipo awiri pa tsiku: ya input ili ndi reflectance ya pa nthaka, ya output ili ndi ya pamwamba pa mpweya. Kusokoneza awiriwa n'kosavuta chifukwa amaoneka mofanana, ndipo kusiyana kwake kumakula kwambiri pa mtundu wa buluu, pamene mpweya umamwaza kuwala kochuluka.

Poyerekeza, yambani ndi kamera yanu osati ndi RadCalNet. Tengani chithunzi chimene sichinachotsedwe mphamvu ya mpweya, monga Level-1C ya Sentinel-2 kapena Level-1 ya Landsat, n'kusandutsa manambala ake kukhala reflectance. Apa pali dzenje limene lagwetsa ambiri. Kuyambira pa 25 January 2022, mafayilo a Sentinel-2 a processing baseline 04.00 ndi otsatira ake amafuna kuti muchotse 1000 musanagawe ndi 10000. Pikiselo yolembedwa 3500 ndi 0.25, koma mukaiwala kuchotsa mupeza 0.35, n'kumati kamera yalakwa ndi 40%. Zithunzi zakale zimene zinakonzedwanso nazonso zili ndi nambala yochotsayi, choncho musadalire tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, werengani mu metadata, fayilo yofotokoza za chithunzicho. Pa Landsat 8 ndi 9 mumachulukitsa ndi 0.00002, n'kuchotsa 0.1, koma pamenepo simunamalize: muyenera kugawanso ndi sine ya kukwera kwa dzuwa, kumene kwalembedwa mu MTL, fayilo ya metadata ya Landsat.

Ngati kamera yanu imapereka radiance, kutanthauza mphamvu ya kuwala kofika pa kamera osati reflectance, pali zina ziwiri zofunika kusamala. Mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa umasintha ndi pafupifupi 1.7% uku ndi uku pa chaka, ndipo popeza umalowa m'masamu utadzichulukitsa wokha, kuuiwala kumabweretsa funde la pafupifupi 3.4% limene limakwera ndi kutsika ndi nyengo. Mukaona kamera ikuoneka yowala mu January n'kuzimirira mu July chaka ndi chaka, yambani mwafufuza pamenepo. Chachiwiri ndi tebulo la mphamvu ya dzuwa limene mwasankha. La Thuillier ndi la TSIS-1 amasiyana ndi maperesenti angapo pa mafunde aataliatali a infrared, kuwala kosaoneka ndi maso, ndipo kusiyana kumeneko kumalowa konse m'zotsatira zanu. Lembani tebulo limene mwagwiritsa ntchito, apo ayi munthu wina sangathe kubwereza zimene mwapeza.

Musanadule dera la malowo, tsimikizani kuti chithunzi chakhala pamalo pake. Funani msewu kapena ngodya ya bwalo imene mukudziwa bwino pamene ili. Kuphonya ndi pikiselo imodzi si kanthu pa Railroad Valley, koma ku Baotou kumakutulutsani kunja kwa bwalo. Tengani avereji ya mapikiselo a m'deralo pamodzi ndi kumwazikana kwake. Kumwazikana kukakula kuposa masiku ena, kawirikawiri pamakhala mthunzi wa mtambo, chinyezi kapena m'mphepete mwalowerera.

Tsopano RadCalNet. Chotsani kaye manambala ngati 9999, amene amasonyeza kuti pamenepo palibe muyezo. Akalowa mu avereji amaononga zonse, ndipo pulogalamu sidzakuchenjezani. Sankhani mizati iwiri imene yazinga nthawi imene setilaiti inadutsa, n'kuwerengera pakati pake molingana ndi mphindi. Gwiritsani ntchito UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi, mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi ya kumaloko imasokoneza, makamaka kumaiko amene amasuntha mawotchi m'chilimwe. Ngati mizati iwiriyo yasiyana kwambiri, kapena umodzi ulibe kanthu, ndi chizindikiro chakuti thambo silinakhazikike, ndipo tsiku limenelo ndi bwino kungolitaya.

Chotsatira ndi kusandutsa mzere wa reflectance kukhala nambala imodzi pa bandi iliyonse. Bandi ya kamera simva mafunde onse mofanana, ili ndi kamzere kake kosonyeza pamene imamva kwambiri ndi pamene imalekera. Ikani mizere yonse pa masitepe ofanana, mwachitsanzo nano mita imodzi, chulukitsani reflectance ndi kamzere ka bandiyo komanso mphamvu ya dzuwa pa funde lililonse, phatikizani, kenako gawani ndi chiphatikizo cha kamzereko ndi mphamvu ya dzuwa zokha. Kungotenga nambala ya pakati pa bandi ndi ulesi umene umalipitsa. Ndipo gwiritsani ntchito kamzere ka setilaiti yeniyeniyo, pakuti Sentinel-2A ndi 2B, ngakhale ndi mapasa, mabandi awo sali pamodzimodzi ndendende.

Apa m'pamene masitepe a manano mita 10 amaonetsa kufooka kwawo. Pa mabandi otakata amene ali kutali ndi kumene mpweya umameza kuwala, monga wofiira wa pa 665 kapena wa pa 1610, zonse zimayenda bwino. Koma okosijeni amameza kuwala pa kampata kopapatiza pafupi ndi 760, ndipo nthunzi imameza pafupi ndi 940 ndi 1380. Pamalo oterewa mzere weniweni umagwa ndi kukwera mofulumira kuposa mmene masitepe a 10 angasonyezere, ndipo kulakwitsa pang'ono pa nthunzi kumasintha nambala kwambiri. Bandi 9 ya Sentinel-2, ya pa 945, ndi bandi 10, ya pa 1375, musaziyeze ndi RadCalNet. Amene ali ndi kamera ya mabandi opapatiza mazanamazana achita bwino kutenga fayilo ya input n'kuyendetsa okha pulogalamu ya mpweya pa masitepe aang'ono, ngakhale kuti akatero chikayiko cholembedwa mu output sichikhalanso chawo, ayenera kuwerengera china.

Chofooka chachikulu pa zonse n'chakuti manambala ake ndi a kamera yoyang'ana pansi molunjika. Nthaka siibweza kuwala mofanana mbali zonse. Mukaiona dzuwa lili kumsana kwanu imawala kwambiri chifukwa timithunzi ta timiyala tabisika, ndipo mukaiona moyang'anizana ndi dzuwa imada. Kupendeka kumatalikitsanso njira imene kuwala kumadutsa mumpweya. Sentinel-2 imajambula lamba wa makilomita 290 m'lifupi, choncho malo akagwera m'mphepete mwa lambayo kamera imawaona itapendeka ndi madigiri 10 kapena kuposerapo pang'ono. Masetilaiti amalonda amene amatembenuka kuti ajambule pamene wogula wafuna amapendeka kwambiri kuposa apa. Njira yosavuta ndi kusunga zithunzi zopendeka ndi madigiri ochepa okha, ndi kulekanitsa zotsatira za njira ya kum'mawa ndi za njira ya kumadzulo kwa malowo. Magulu awiriwo akasiyana nthawi zonse mbali imodzimodzi, vuto ndi kupendeka osati kamera. N'zodandaulitsa kuti chipangizo cha pa mlongoti ku La Crau ndi ku Gobabeb chimayezadi nthaka pa ngodya zosiyanasiyana, koma wogwiritsa ntchito wamba amangolandira za molunjika. Kupereka manambala a ngodya zina kukanachulukitsa kwambiri zithunzi zogwiritsika ntchito, makamaka kwa makampani aang'ono amene ndiwo akusowa thandizoli kuposa onse.

Zithunzi zogwiritsika ntchito n'zochepa kale. Landsat imodzi imabwerera pamalo amodzi masiku 16 aliwonse, ndiye kuti pa chaka sizingapitirire 23 pa njira imodzi. Chotsanipo mitambo, masiku amene chipangizo chinali chowonongeka kapena chinatumizidwa kokachunidwa, nkhungu ya m'mawa yochokera ku nyanja ya Atlantic imene imafika ku Gobabeb, mvula ndi chipale zimene zimadetsa dothi la Railroad Valley kwa masiku, udzu wa La Crau umene umabiriwira ndi kuuma, ndi fumbi la ku Baotou. Zotsala zimatha kuwerengeka ndi zala. Munthu amene wangoponya setilaiti yake ndipo akufuna yankho m'milungu iwiri akhumudwa. Ntchitoyi imafuna miyezi, ndipo mafayilo enieniwo saoneka tsiku lomwelo, amadikira kuunikidwa kaye.

Pomasulira zotsatira pamafunika kudziletsa. Chikayiko cha RadCalNet pa mabandi abwino chimakhala cha maperesenti ochepa, kawirikawiri mozungulira 3% mpaka 5% malinga ndi malo ndi tsiku. Sentinel-2 inapangidwa kuti isaphonye kuposa 5%, cholinga chili pa 3%, ndipo Landsat 8 inaikidwa pa 3% ya reflectance. Ndiye mukapeza kuti kamera yanu yasiyana ndi RadCalNet ndi 2% pa tsiku limodzi, simunapeze cholakwika chilichonse, ndipo kusintha manambala ochunira kamera chifukwa cha zimenezo n'kuononga. Kuchulukitsa masiku kumachepetsa phokoso lobwera mwangozi, koma sikuchotsa kupendekera kumene kuli m'chipangizo cha pamalopo, chifukwa kumeneko kumabwera tsiku lililonse mbali imodzimodzi. N'chifukwa chake malo awiri kapena atatu a eni osiyana ndi amtengo wapatali kuposa zithunzi zambiri za malo amodzi. Railroad Valley ndi Gobabeb zikagwirizana kuti bandi yanu yofiira yatsika ndi 6%, khulupirirani. Imodzi yokha ikatero, funani umboni wina. Kusiyana kwakung'ono, monga 1.1% imene ESA inakonza pa mabandi ooneka ndi a pafupi ndi infrared a Sentinel-2B kuti afanane ndi a 2A, kumaoneka bwino poyerekeza makamera awiri pa chipululu chosasintha ngati Libya-4 kwa nthawi yaitali.

Dziwaninso kuti malo onsewa ndi owala mwapakatikati. Akukupatsani kadontho kamodzi pa mzere, pamene mzere umafuna madontho osachepera awiri. Kamera ikhoza kugwirizana bwino ndi chipululu koma n'kumanama pa madzi akuda kapena pa mitambo yowala kwambiri. Nambala ya mdima imayezedwa pojambula nyanja usiku kapena chitseko cha kamera chitatsekedwa. Mabandi a kutentha sakhudzidwa n'komwe.

Ndipo kuwala si ubwino wonse wa chithunzi. RadCalNet sinena kanthu za kuthwa kwa chithunzi, phokoso, mikwingwirima, kapena ngati mabandi akugwera pamodzi. Kamera imene galasi lake lasuntha pang'ono, n'kumatulutsa zithunzi zachimbuuzi, idzapambana mayeso a pa Railroad Valley popanda vuto, chifukwa pa dothi lofanana paliponse chimbuuzi sichioneka.

Kuthwa kumayezedwa ndi MTF, nambala yosonyeza mmene kamera imasiyanitsira kuwala ndi kuda pa tinthu ting'onoting'ono, ndipo njira yofala ndi ya m'mphepete wopendeka, yochokera ku muyezo wa ISO 12233. Pamafunika malire owongoka pakati pa malo oyera ndi akuda, opendeka ndi madigiri pafupifupi 5 poyerekeza ndi mizere ya mapikiselo. Kupendekako kumachititsa kuti mzere uliwonse udule malirewo pamalo osiyana pang'ono, ndiye mukasanjikiza mizere yambiri mumapeza maonekedwe a m'mphepete mwatsatanetsatane kuposa pikiselo imodzi, kawirikawiri kanayi. Mumawerengera kutsetsereka kwa mzere umenewo, n'kuupititsa mu Fourier transform, masamu ogawa mzere m'mafunde ake, kenako n'kuwerenga nambala ya pa Nyquist, pamene funde limodzi limatenga mapikiselo awiri. Pa mabandi a mamita 10 ndi 20 a Sentinel-2 nambalayi inafunika kukhala pakati pa 0.15 ndi 0.3. Ikatsika kwambiri chithunzi ndi chachimbuuzi, ikakwera kwambiri mizere yopyapyala imayamba kuoneka ngati mano a sowo. Mabwalo opangidwira ntchitoyi alipo ku Salon-de-Provence ku France, la mamita 60 mbali iliyonse, komanso ku Baotou komweko. Makamera a mapikiselo aakulu amagwiritsa ntchito milatho yaitali, monga Lake Pontchartrain Causeway ku Louisiana umene unagwiritsidwa ntchito pa Landsat 7. Zolakwika zake n'zodziwika: chithunzi chimene chakokedwa kale kuti chigwirizane ndi mapu chimakupatsani MTF ya kamera yosakanikirana ndi ya pulogalamu yokokayo, chithunzi chimene wogulitsa wachinola chimaonetsa nambala yokoma yabodza, ndipo mbali yoyera ikawala mpaka kamera kukhuta, m'mphepete umaoneka wakuthwa kuposa mmene ulili. Yezani kawiri, motsata njira ya setilaiti ndi mopingasa, chifukwa kuyenda kwa setilaiti kumafufutitsa mbali imodzi yokha.

Mikwingwirima imabwera pamene timaso ta kamera masauzande ambiri sitikumva mofanana. Landsat 8 imathana nazo potembenuka madigiri 90 pamwamba pa chipale cha Greenland kapena pa chipululu, kuti timaso tonse tidutse pa nthaka imodzimodzi motsatizana. Phokoso limayezedwa pa malo osalala, koma samalani, chifukwa timizere ta mchenga timawerengedwa ngati phokoso n'kuipitsa kamera yosalakwa.

Amene apindule kwambiri ndi RadCalNet ndi eni masetilaiti aang'ono opanda mbale yoyera yoyang'anira dzuwa kapena nyale zochunira m'kati, komanso ogula zithunzi amene akufuna kutsimikiza okha zimene wogulitsa walemba. Makamera aakulu ali ndi njira zawo, Sentinel-2 imayang'ana mbale yake ya dzuwa mwezi ndi mwezi ndipo Landsat imajambulanso mwezi wakumwamba, koma nawonso amafuna mboni yakunja, pakuti mbaleyo nayo imakalamba. Mukatsitsa mafayilo, sungani dzina lililonse lonse mmene lilili. Lili ndi chidule cha malo, chaka, nambala ya tsiku m'chakamo ndi nambala ya mtundu wa fayiloyo. Eni malo amakonzanso miyezo yakale akachuna zipangizo zawo, ndipo mukasakaniza mitundu iwiri pa mzere umodzi wa zaka zingapo mudzaona kudumpha kumene kamera yanu sinachite.